Mpanda Wazinga Manda a pa Buckeye

Sage Fork, Wyoming
9 Febuluwale

Glenna,

Ngati ndiwedi mkazi wolimba mtima monga umadzitamira, werenga kalata iyi mpaka pamene pali dzina langa usanaiponye m'mbaula. Pa foni umandidula ndikangokweza mawu. Pepala sungalidule. Ndiye undiyankhe: chitsekereni nyumba ya magetsi a malasha kwathuko, ndagona nyengo zachisanu zingati pabedi langa? Usavutike n'kutulutsa dzanja m'thumba, palibe chowerenga.

Moni tsopano. Ine ndili bwino, kupatula mphepo ya kuno yopanda phiri loitchinga, imene imalowa m'kalavani ngati ili ndi kiyi wakewake. Kaya iwe ndi Bambo anga? A kuchipatala azibweretsa botolo lina la mpweya loyambalo lisanathe. Ndipo usawalole kusuta pafupi nalo, ngakhale akutukwane.

Wati amayi a ku tchalitchi akunena kuti boma likufuna kutisenzetsa bomba pamutu. Iwo chinthucho anangochiona pa kanema. Ine ndimawotcherera mapaipi ake tsiku ndi tsiku kuno. Ndi ng'anjo ya nyukiliya, yaing'ono, yobwera zidutswazidutswa pa malole. Imawiritsa madzi, nthunzi n'kupukusa makina, magetsi n'kuyaka. Ntchito yomwe ija ankagwira malasha, koma popanda fumbi limene ladya mapapo a Bambo. Aphungu a boma la kwathu achotsa lamulo loletsa, ndipo kampani yasankha pa Buckeye, pamwamba paja mgodi unasalaza. Chatsala n'chakuti bungwe la boma loona za malo livomere. Akubwera kusukulu mwezi wamawa kudzamva anthu. Upite. Uimirire, unene kuti mwamuna wako akufuna ntchito yoti madzulo azidya kwawo.

Za manda wandifunsa kawiri, ndiye ndiyankha kamodzi. Mgodi unadya phiri lonse, koma manda athu unawalambalala, msewu n'kutisiyira. Zaka zonsezi tikafuna kukwera timangoliza hutala pa geti, a Hobert mlonda n'kutiponyera kiyi pa windo. Palibe pepala linalembedwapo. Anthu amakhala choncho. Awanso adzatero. Ndani angakanize munthu kukaona amake? Choncho mumsonkhanomo usatchule manda. Akufa athu sitiwayala pamaso pa alendo ovala mataye. Komanso a kampani ali ngati gwape, ukangothyola kamtengo athawira kwina, ndipo alipo ena akuwakopa. Uwauzenso a kwa Kilgore ndi a kwa Bolling, poti nawo ali ndi awo pamtundapo.

Ndatumiza madola mazana asanu ndi limodzi. Paipi ya kukhitchini uikulunge nsanza isanaphulike ndi chisanu.

Mwamuna wako,
Harlis

Sage Fork
15 Malichi

Glenna wanga,

Kalata yako yafika, yandipeza ndili moyo. Ndakondwa kuti chifuwa chako chatha.

Ndaiwerenga katatu pamene wafotokoza za Bambo. Ndikuwaona akukoka botolo lawo pa timatayala m'holo ya sukulu, anthu n'kupatuka. Ndipo mawu aja ndi awo enieni, sunawonjezere: "Ine mapapo ndinapereka kale kuti inu muziyatsa magetsi. Tsopano ndibwezereni mwana wanga." Wati wapampando wa bungwe anavula magalasi. Achite bwino, aone anthu.

Iwenso unalankhula. Mabanja onse a pamtunda analipo ndipo palibe anatchula manda. Mwachita monga anthu.

Ramiro, mnzanga wa ku Texas amene timagawana kalavani, anandipeza ndikuwerenga.

"Iwe munthu wa m'mapiri, ukumwetulira? Ndimayesa mano unawasiya ku Appalachia."

"Tseka pakamwa, nyemba zako zikupserera."

"Ndiye ukabwerera kwanu azinditukwana m'mawa ndani? Ndigule galu?"

"Gula awiri. Mmodzi sangakwanitse."

Ndi munthu wabwino, koma tsabola amathira ngati akulanga mdani.

Ntchito ikuyenda. Kapitawo wathu Kessler ndi mwana wa dzulodzulo, amayenda ndi kakompyuta pachifuwa ngati khanda. Sindinamuyankhe chilichonse choipa sabata ino, ulembe penapake. Dzanja lamanzere limachita dzanzi m'mawa, dzana kapu inandipulumuka. Si nkhani. Ndi kuzizira.

Mbewu za tomato ufese m'zitini pa windo. Matayala a galimoto yako adikire kaye.

Harlis

Sage Fork
2 Meyi

Glenna,

Moni kwa iwe ndi Bambo. Ine ndilipo.

Ndiye a bungwe lija avomera. Ndalandira kachidutswa ka nyuzi kamene wandidulira, ndi mapu ake. Ndimayesa ndidzalumpha tsiku limeneli, koma ndangokhala pa bedi nsapato zili kuphazi.

Ndikuuze zimene ndaona. Kuno amaliza mpanda. Si waya wa ng'ombe ayi. Ndi mipanda iwiri, pakati pake miyala, pamwamba makamera, pa geti anyamata a mfuti. Ife amene tinamanga malowa amatisecha m'mawa uliwonse mpaka m'bokosi la chakudya. Lachinayi kunabwera nkhalamba ina, a Etchart, woweta nkhosa. Chaka chilichonse amadutsitsa nkhosa zawo pamenepa kupita kumapiri. Ine ndinali pamwamba pa makwerero, ndinamva zonse.

"Tsegula, mwana wanga, nkhosa zili ndi ludzu."

"Agogo, pano sipadutsa munthu."

"Bambo anga ankadutsa pano iwe usanalotedwe n'komwe."

"Sindikutsutsa, agogo. Koma bwererani."

Mnyamatayo sanachite mwano. Chimenecho n'chimene chinandiopsa. Munthu wamwano umakangana naye, mawa n'kumugulira khofi. Uyu analibe kiyi woti aponye. Nkhalambayo inatembenuza kavalo, fumbi la nkhosa n'kulowera kwina.

Nditaweruka ndinatenganso mapu ako. Mzere wakuda uja ukudutsa kumunsi kwa mtengo waukulu wa oki. Manda ali kumtunda kwa mtengowo, m'kati mwa mpanda, Glenna. Mwina ojambula a nyuzi ndi aulesi. Upite kwa a Hobert ukawafunse ngati kiyi akadali nawo. Bambo usawauze kanthu.

Lamlungu lachiwiri la Juni, tsiku lolambula manda, ndidzakhalapo. Makasu uwapereke kwa Dwight mlongo wako awanole. Maluwa a Amayi akhale ofiira. Keke ya maapozi upange yosanjikiza, osati ija ya changu.

Harlis

Sage Fork
18 Juni

Glenna,

Moni. Ndili bwino m'thupi. Zina usafunse.

Ndikudziwa kuti sindinabwere. Kessler anati amene achoke sabata yoyesa mapaipi asabwererenso. Ndinameza. Ukanandiona ukanandinyadira, kapena ukanandilavulira, sindikudziwa.

Kalata yako ndaiwerenga kamodzi kokha, sindingathe kubwereza. Magalimoto onse aja kukwera phiri, makasu, maluwa, nkhuku zokazinga, ana atavala za ku tchalitchi, n'kukapeza geti latsopano, a Hobert atapumitsidwa ntchito. Kudyera m'mbali mwa msewu ngati anthu ofera galimoto. Kuimba nyimbo za akufa athu mutayang'ana waya. Ndipo Bambo osatsika m'galimoto, osadya, maluwa ali pamiyendo. Wati sanalankhule mpaka kunyumba. Bambo anga, amene amakangana ndi wailesi!

Lolemba ndinaimba foni ku ofesi ya bungwe lija kulikulu. Anandiponya uku ndi uku mpaka ndinapeza mayi wina wa mawu ofewa.

"Bambo Sturgill, lamulo la boma lathu silikukanizani kuona manda. Mupemphe pasadakhale, mulowe ochepa, mlonda akuperekezeni."

"Mayi, ife timapita mudzi wonse. Timapalira, timaunda mitumbira, timadya pomwepo tsiku lonse."

"Khasu sililowa. M'kati mwa malire aja simukumbidwa."

"Nanga munthu akafa?"

Ndinamva akutsegula mapepala.

"Oyeza malo analemba kuti ndi manda akale, osiyidwa."

"Osiyidwa? Amayi anga agona pamenepo, maliro awo ndinanyamula ndine!"

Ukudziwa chimene chinachitika? Anakayeza m'Januwale, udzu utagwa, maluwa a chaka chatha atauluka. Anaona miyala yakutchire ya azigogo, yopanda malemba. Pa Amayi palibe mwala, poti Bambo anati mwala udzakhala umodzi wa onse awiri, udzaikidwa iwo akadzagona pambalipo. Mlendo adziwa bwanji zimenezo?

"Ndiye konzani," ndinatero. "Mwalakwitsa, konzani."

"Bambo, tinabwera kwanuko kudzamva anthu. Holo inadzaza. Ndili ndi mawu a aliyense amene analankhula. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula manda. Akanatchula, bungwe likanatha kuuza kampani kuti isunthe malire isanalandire chilolezo. Nthawi ya madandaulo inatha."

Ndinamutukwana, Glenna. Mayi wosalakwa. Kenaka ndinaponya foni pa khoma la kalavani. Ramiro anatola zidutswa, sananene nthabwala. Ndagula ina yotchipa, nambala ndi yomweyo.

Usandilembere kuti unanena. Ndikudziwa kuti unanena kawiri.

Akuti kampani ndi yokonzeka kufukula onse n'kukawaika kumanda a m'tauni, zonse kulipira iwo. Usasaine kanthu. A kwa Bolling akafuna asaine za awo.

Harlis

Ogallala, Nebraska
7 Ogasiti

Glenna,

Moni. Uone adiresi pamwambapa, ku Wyoming usatumizenso kanthu. Kunabwera bwana wina wa kampani kudzayendera ntchito, ndinamufunsa funso pamaso pa anthu, ndipo Kessler sanakonde mmene ndinafunsira. Ntchito yanga yatha choncho. Kuno ndikuwotcherera nkhokwe zachitsulo za chimanga. Malipiro ndi ochepa, mwezi uno ndatumiza zimene ndakwanitsa. Malo ogona ndikufunafuna, pakali pano kukutentha, m'galimoto muli bwino.

Dwight umuuze asiye kubwera kudzakuopseza pa khonde. Ndamva kuti akuti ndikapitiriza phokoso kampani ithawa, anyamata onse a m'chigwa n'kusowa ntchito chifukwa cha mafupa. Mafupa! Agogo ake omwe ali pamenepo. Ine sindinanene kuti ng'anjo ichoke. Inzake ndaimanga ndi manja anga ku Wyoming, ndikuidziwa, ndikuifunabe. Ndikunena za mpanda.

Ndinalankhula ndi Bambo Lamlungu, iwe uli ku tchalitchi. Mawu atatu, kupuma, mawu atatu.

"Harlis, uja wa kampani anabwera."

"Mwamuuza chiyani, Bambo?"

"Ndati amako agona. Asawadzutse."

"Akuti kumanda a m'tauni kuli udzu wabwino, Bambo. Mukhoza kukhala limodzi kumeneko."

"Pafupi ndi sitolo ya matayala? Amako Oma sankagona n'komwe firiji ikamalira." Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Atapuma anati, "Malo anga ali kumanja kwake. Mapazi kum'mawa. Unandilonjeza uli ndi ndevu kale, sunali mwana."

"Ndinalonjeza."

"Ndiye usandiyankhe ngati loya."

Loya weniweni ndamufunsa, wa bungwe lathu la owotcherera. Akuti njira ilipo yopempha kuti chilolezo chiunikidwenso, koma ndi ya miyezi. Ndamufunsa ngati anaonapo mapapo a munthu wa mumgodi akudikira miyezi.

Wati kwabwera kalata yondiitana ntchito pa Buckeye mu Okutobala. Ndiye ofesi ya kwathuko sinamve za ku Wyoming. Uiike pamwamba pa firiji. Sindinaganize.

Dokotala akanena chilichonse chatsopano, undiimbire nthawi yomweyo. Ndilonjeza kusakweza mawu.

Harlis

Ogallala
12 Okutobala

Glenna,

Ndafika bwino. Galimoto inavuta pang'ono ku Missouri. Ndikhulupirira wayamba kugona.

Masiku onse ndinali kwathuko sitinalankhule, anthu obwera kumaliro a Bambo anali thothotho m'nyumba. Zikomo chifukwa cha suti ya Bambo. Zikomo kuti unawameta wekha.

Ndikatseka maso ndikumva malole pa msewu waukulu, pafupi ndi manda a m'tauni aja, abusa akukweza mawu kuti apose phokoso. Dzenje lokumbidwa ndi makina, ife amuna a m'banja manja ali m'matumba ngati alendo. Kwathu manda amakumba ndi anansi, ndi mafosholo awo. A Kilgore anabwera nayo fosholo yawo m'galimoto, mwa chizolowezi, n'kuisiya momwemo.

Unandifunsa pa khonde chifukwa chimene ndikubwerera kuno pamene ntchito ili pakhomo. Sindinakuyankhe. Ndinapitako pa Buckeye, Glenna, m'mawa uja ndinati ndikukagula ndudu. Kapitawo wake ndi munthu wabwinobwino, anandigwira chanza, anandipepesa maliro. Ndinafunsa kuti ndiyambira pati. Anati mpanda wachiwiri, mbali ya kumtunda, akufuna wodziwa kuwotcherera mizati. Kuchokera pamene tinaimapo ndimaona mtengo wa oki.

Ndinamubwezera chisoti cha ntchito chimene anali atandipatsa.

Nkhuni ndinadula zili kuseri kwa khola, zikufikitsa Khirisimasi. Mabotolo a mpweya uwaimbire eni ake adzatenge.

Harlis

Ogallala
3 Novembala

Glenna, mkazi wanga,

Moni. Ndapeza chipinda kwa mayi wina wamasiye, chili ndi mbaula. Dzanja lija ndinakaonetsa. Tidzakambirana ndikabwera. Iwe ukudya? Dwight akuti waonda. Inde, anandiimbira. Sanapepese, mtundu wanu supepesa, koma anafunsa ngati ndikufuna kuti akakonze denga la khola. Ndamva.

Loya uja waimba. Kampani ikufuna kuwonjezera ng'anjo yachiwiri pa Buckeye, ndipo singatero popanda kubwereranso ku bungwe la boma. Ndiye chilolezo chatsegukanso, ndipo lamulo lawo lomwelo likuti amvenso anthu. Ulendo uno sabwera kusukulu. Ndi kulikulu, Lachiwiri lotsatira tchuthi cha Tsiku Lothokoza cha kumapeto kwa mwezi uno, m'nyumba ya boma. Akuganiza kuti anthu a m'mapiri sakwera galimoto mtunda wonsewo m'chisanu.

Ine ndidzabwera. Ndidzayendetsa ndine. Koma wolankhula ukhale iwe. Ukundidziwa: ndikaimirira ine, mawu achitatu adzakhala otukwana, alonda n'kunditulutsa, nyuzi n'kulemba za wamisala wa ku Buckeye. Ine ndidzakhala kumbuyo kwako, chipewa m'manja, pakamwa potseka. Ukadzamva ndikupuma mwamphamvu undiponde phazi.

M'Febuluwale ndinakuuza kuti ukhale chete za manda, ndipo unandimvera. Tsopano usandimvere ine kapena wina aliyense. Uyende khomo ndi khomo, kwa a Kilgore, kwa a Bolling amene sanasaine, kwa a Hobert. Basi ya tchalitchi ipemphedwe. Aliyense amene ali ndi wake pamtunda paja abwere, ndipo aliyense akaimirire atchule wake ndi dzina, mokweza, alendo a matayewo alembe mpaka manja awawe. Tinkati akufa sitiwayala pagulu. Tawabisa mpaka boma lalemba kuti alibe eni.

Akadzakufunsa ngati ukudana ndi magetsi a nyukiliya, uwauze kuti ayi. Amange ziwiri, amange zinayi, anyamata a m'chigwa agwire ntchito kwawo. Akadzati malamulo a chitetezo ndi a boma lalikulu la ku Washington, uwauze kuti za m'kati mwa mpanda ndi za ku Washington, koma pamene mpandawo waima anavomereza ndi iwo, ndi manja awo, atakhala pa mipando yomweyo. Phiri lija mgodi unalisalaza lonse, malo ali mbwee kumadzulo. Akadzati tisamutse manda, uwauze kuti mzati wachitsulo ndi wopepuka kuposa amayi a munthu. Ndazulapo mizati yambiri, ndikudziwa.

Usapemphe, Glenna. Tinapempha kale pa geti, tinapempha pa foni, Bambo anapempha ndi mpweya wa m'botolo. Uwauze. Afafanize mawu aja akuti osiyidwa. Mpanda wa kumtunda ubwerere kuseri kwa manda, msewu wathu ukhale kunja kwake, ndipo zilembedwe pa chilolezo chenichenicho, poti za kugwirana chanza zinatha. Ng'anjo yachiwiri isavomerezedwe izi zisanachitike. Ndipo Bambo anga, Estill Sturgill, achoke pafupi ndi sitolo ya matayala, akwere phiri pa mapewa a anansi ake, akagone kumanja kwa mkazi wake, mapazi kum'mawa. Zimenezi azikonze, ndipo azikonze tisanalambulenso manda.

Mwamuna wako,
Harlis